Injini Zazing'ono za Ndeke

M'caka ca 1956 anthu a mu Lusaka anayamba kumva kulira kwacilendo m'mwamba, pamene kampani ya Central African Airways inabwera ndi ndeke zochedwa Vickers Viscount. Masiku amenewo bwalo la ndeke linali m'tauni momwe, pafupi ndi Woodlands ndi Kabulonga. Lalikuru lija la kupyola Chelstone linatsegulidwa m'caka ca 1967. Viscount inali kulira ngati mluzu, cifukwa injini zace zinai za Rolls-Royce Dart zinalibe mapisitoni onga a galimoto. Zinali za mtundu wa turbine.

Injini yotere imeza mphepo, niipanikiza, niisanganiza ndi mafuta onga parafini, ndi kuiyatsa. Mpweya wotenthawo, pofuna poturukira, ukankha gudumu la timapiko tambiri, ndipo gudumulo lizunguza propela.

Koma tindeke ta Beaver, timene tinali kunyamula anthu kunka ku Mongu, tinakhalabe ndi injini za mapisitoni, pakuti kucepsa turbine inali nchito yobvuta kopambana. Pakati pa nsonga za timapiko ndi khoma la injini pamatsala kampata. M'injini yaikuru kampatako sikaononga zambiri, koma m'yaing'ono mpweya wambiri upulumukira pomwepo, ndi mphamvu itayika. Ndiponso gudumu laling'ono liyenera kuthamanga koopsa kuti lipanikize mphepo mokwanira.

Amisiri a Pratt & Whitney ku Canada anapambana ndi injini yochedwa PT6, imene inauluka koyamba m'caka ca 1961. Kulemera kwace sikunafike ndi theka lomwe la injini ya Beaver, koma mphamvu yace inaposa. M'kati mwace gudumu lizungulira koposa 30,000 pa mphindi imodzi, ndipo magiya acepsa liwirolo kufikira ngati 2,000 kuti propela asathyoke. Injini ya mtundu womwewu ndiyo iri m'ndeke za Cessna Caravan, zimene zitera ngakhale pa mabwalo a dothi.

Motowo ndi waukali, kotero kuti citsulo wamba cikadafewa ndi kupindika. Cifukwa cace timapiko ta turbine atipanga ndi nickel wosanganiza ndi chromium ndi cobalt. Amene agwira nchito m'migodi amdziwa cobalt ameneyu: ku Nkana anayamba kumcotsa m'miyala ya mkuwa m'zaka za m'ma 1930, injini zotere zisanafike ku Lusaka.