Chuku cha mtedza si chamtundu umodzi: asayansi akuchisiyanitsa poyeza chibadwa

Alimi a m'boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku chipata cha Cassacatiza, amachidziwa chuku chobiriwira chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga zikapanda kuuma bwino. Chuku chimenechi ndi tizilombo ta gulu la Aspergillus, ndipo tina mwa ito timatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amayambitsa khansa, ndipo safa ndi moto wophikira.

Kale asayansi ankasiyanitsa tizilomboti poona mtundu ndi maonekedwe ake pa makina okuza zinthu. Koma awiri akhoza kufanana ndendende m'maso, wina ali ndi poizoni wambiri, mnzake alibiretu. N'chifukwa chake tsopano amayeza DNA, komwe kuli malangizo a chibadwa cha chamoyo chilichonse. Amawerenga zigawo zingapo za DNA ya chuku n'kuziyerekeza ndi za china, monga mmene anthu amalondolera mtundu pofunsa mfunda.

Njirayi yaonetsa kuti zina zomwe zinkaponyedwa pamodzi ndi Aspergillus flavus ndi mitundu yapayokha. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha aflatoxin, ndipo kafukufuku anapeza kuti chuku chomwe chinachuluka m'chimangacho chinali cha mzere wotulutsa poizoni wochuluka kwambiri.

Phindu lake kwa mlimi lili apa. Mu A. flavus momwemo muli mizere ina yomwe inataya mbali ya DNA yopangira poizoni. Bungwe la IITA linatola chuku m'minda ya ku Mozambique ndi ku Malawi, n'kusankha mizere yopanda poizoniyo yomwe imapezeka kale m'nthaka ya kuno. Ndi imene ili mu Aflasafe MWMZ01, wopangidwira maiko awiriwa. Zambia ili ndi wakewake. Aflasafe ndi mapira okazinga kuti asamere, okutidwa ndi chuku chabwinocho komanso utoto wa buluu. Amawazidwa makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanayambe maluwa. Chuku chabwino chimafika msanga pa mbewu, choipa n'kusowa pokhala.

Koma Aflasafe salowa m'malo mwa chisamaliro. Mtedza wokumbidwa mochedwa, woyanikidwa padothi, kapena wowazidwa madzi kuti ufewe posenda, umagwidwabe ndi chuku. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino kwa mavenda, wonyala ndi wofumbwa n'kusinja nsinjiro za phala la ana. Poizoni wochuluka amakhala mu mtedza wotsalirawo.

Ndipo popeza diso silingadziwe chuku cha poizoni, mtedza uliwonse wachuku usadyedwe, ngakhale kupatsa nkhuku kapena ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoniyu amatulukanso mu mkaka.