Mmisili Akatanganidwa, Nkhuku Imagulidwa

Mlimi wofuna kudziŵa ngati nkhuku ndi tomato zidzayenda malonda asamangofunsa mitengo pamsika; aziyang'ananso amisili a zomangamanga. Koma si onse amene amaonetsa bwino mmene cuma cilili. Womanga njerwa amapeza nchito ngakhale m'caka coipa, pakuti kuno timakweza cipupa pang'onopang'ono, nyumba n'kukhala zaka yopanda denga. Otsiliza nyumba, monga oika mapaipi, mawaya a magetsi ndi matailosi, amaitanidwa pokhapokha m'thumba mukatsala ndalama. Iwowa akatanganidwa, mabanja a m'tauni amadya nkhuku ngakhale pakati pa mwezi.

Ndalama za boma nazo zimaonekela mwa amisili. Mu 2022 thumba la CDF litakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, nchito yomanga makalasi inafika kumidzi, ndipo omangawo ankagula ndiwo kwa alimi apafupi.

Owochelela zitsulo okha ndiwo angakusokeletseni. Mu 2024 ambili anakhala manja lende cifukwa madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumazima, osati cifukwa cosoŵa makasitomala. Conco musanaonjezele anapiye m'khola, funsani woika mapaipi ngati mwezi uno akupuma.