Sitima Ziwiri Zikakumana Panyanja, Ipatuke Ndi Iti?

Mukakwera minibasi pa Mtunthama kupita ku Nkhotakota, dalaivala amayenda kumanzere, ndipo mbuzi ikalowa mumsewu amangoponda buleki. Nanga panyanja? Sitima yapamadzi ngati Ilala ilibe mabuleki. Ngakhale injini itazimitsidwa, sitimayo imapitabe patsogolo chifukwa cha kulemera kwake. Mu Physics timati inertia.

N'chifukwa chake oyendetsa sitima amadziwiratu zochita. Malamulo apadziko lonse a 1972 amati sitima ziwiri za injini zikayang'anizana, iliyonse ikhotere kumanja. Njira zawo zikapingasana, yomwe ikuona inzake kumanja kwake ndiyo ipatuke.

Usiku amadziwa bwanji? Amayang'ana nyali: yofiira imakhala kumanzere kwa sitima, yobiriwira kumanja. Mukaona zonse ziwiri nthawi imodzi, dziwani kuti ikubwera molunjika kwa inu!

Si zamasewera izi. Pa 20 Disembala 1987, ku Philippines, sitima ya Doña Paz inagundana ndi Vector, yonyamula mafuta, ndipo anthu oposa 4,000 anafa. Ndiye taganizirani msodzi wa usipa ali m'bwato usiku. Nyali yake imakopa nsomba, komanso imauza woyendetsa sitima kuti pamenepo pali munthu.