Mafuta a rosehip ndi mpendadzuwa wa kwathu: khungu limafuna chiyani?

Mwina mwaonapo pa Facebook kapena TikTok timabotolo ta mafuta a rosehip tikutsatsidwa kuti timasalalitsa khungu, kuchotsa zipsera ndi zina zotero. Ena mwa inu mukusunga kale ndalama zoti mugule. Musanatero, ndikufuna tione kaye kuti m'kabotolomo muli chiyani.

Rosehip ndi kachipatso kofiira komwe kamatsala duwa la rozi wakutchire likayoyoka. Mafuta ake amafinyidwa kuchokera ku njere za m'kati. Ambiri amachokera ku Chile, ndipo kuno ku Africa zipatsozi zimathyoledwa m'mapiri a ku Lesotho. Ulendo wautali umenewu ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mtengo wake umakhalira wokwera.

Tsopano khungu. Pamwamba penipeni pa khungu lanu pali maselo akufa osanjikizana ngati njerwa, ndipo pakati pake pali mafuta ogwira ntchito ya matope omangira. Khoma limeneli limatsekera madzi m'thupi komanso kutchinga majeremusi. Mu Juni ndi Julayi, mpweya ukauma, madzi amatuluka msanga pakhungu, makamaka tikamasamba ndi sopo wochapira amene amakokolola mafutawo. N'chifukwa chake miyendo imatuwa mbuu, nthawi zina mpaka kung'aluka.

Kuti thupi limange bwino khomali limafunika linoleic acid. Thupi silitha kumupanga lokha, timamupeza m'zakudya. Iyeyu ndiye chuma chachikulu cha rosehip: pa magawo 100 alionse a mafutawa, 35 mpaka 55 ndi linoleic acid.

Apa ndiye pali nkhani. Mpendadzuwa wamba, ngati umene alimi amalima kuno kwa Mlonyeni ndi madera ena a Mchinji, mafuta ake amakhala ndi linoleic acid wochuluka kuposa pamenepo, kawirikawiri magawo 60 kapena kupitirira.

Umboni ulipo. Mu 2013, akatswiri a ku University of Sheffield ku England adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu akuluakulu omwe ankadzola mafuta pamkono kwa milungu inayi. Mafuta a olive, omwe ali ndi linoleic acid wochepa, adafooketsa khoma la khungu, pomwe a mpendadzuwa sadaliwononge ndipo khungu lidasunga bwino madzi. Mu 2005, kafukufuku wa pachipatala cha ana ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, adapeza kuti makanda obadwa masiku asanakwane omwe ankadzozedwa mafuta a mpendadzuwa ankatenga matenda mocheperapo kusiyana ndi omwe sankadzozedwa. Koma izi zidachitika moyang'aniridwa ndi madokotala, ndiye musakayesere pa mwana wa kunyumba.

Nanga zoti mafuta a rosehip ndi odzaza ndi vitamini C? Kumbukirani phunziro la Chemistry. Vitamini C amasungunuka m'madzi, osati m'mafuta. Amapezeka wambiri mu mnofu wa chipatsocho, koma pofinya njere sapita nawo m'botolo. Wogulitsa akakuuzani zimenezi, mufunseni funso limeneli.

Chinanso, mafuta a rosehip kapena a mpendadzuwa sayeretsa khungu. Mukaona kabotolo kolembedwa kuti n'kachilengedwe koma kakulonjeza kukuyeretsani m'masiku ochepa, chenjerani. Zodzola zina zoyeretsa zimasakanizidwa ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha, kapena mankhwala a steroid omwe amapyapyalitsa khungu.

Ndiye mutani? Malangizo anga ndi awa. Gwiritsani ntchito mafuta oyera, osati otsala pokazinga tchipisi. Yesani kaye kadontho m'kati mwa mkono, mudikire masiku awiri. Pakayabwa kapena kutupa, asiyeni. Dzolani madontho ochepa mukangosamba, khungu likadali lonyowa, kuti mafutawo atsekere madzi. Botolo lisungeni pamthunzi lotsekedwa bwino, chifukwa linoleic acid sachedwa kuwonongeka ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Fungo likasintha, tayani. Mafutawa sateteza ku dzuwa. Ndipo ngati muli ndi ziphuphu zambiri, zipere kapena zilonda, pitani kuchipatala.

Rosehip ndi mafuta abwino ndithu, sindikutsutsa. Koma khungu silidziwa mtengo wa botolo kapena dziko limene lachokera. Limangolandira zimene zili m'katimo, ndipo mbali yaikulu ya zimenezo imamera m'minda ya makolo anu.