Nyumba Zakale za m'Minda ya Tiyi ku Makwasa: Kodi Zikutiphunzitsa Chiyani?

Pa zitunda za ku Makwasa, ndi m'dera lonse la Thyolo, pakati pa minda ya tiyi, pali nyumba zakale za njerwa, za makonde otakata ndi madenga a malata, zimene zidamangidwa m'nthawi ya atsamunda. Anthu ena amaziona ngati chuma cha dziko choyenera kuchisunga. Ena amaziona ngati chipsera cha masiku a thangata, ndipo sangadandaule chiswe chitazimaliza. Nkhaniyi ikutikhudza ife ansembe ndi inu amene mukukonzekera unsembe, pakuti Eklezia nayenso ali ndi nyumba zamtundu womwewu, ndipo ambiri mwa ife timagona m'menemo.

Kuti tiweruze bwino, tiyenera kuyamba tazimvetsa. Aristotle adaphunzitsa, ndipo Thomas Aquinas Woyera adamtsata, kuti chinthu timachidziwa tikayankha mafunso anayi: chidapangidwa ndi chiyani, chili ndi maonekedwe otani, adachipanga ndani, ndipo adachipangira chiyani. Pofotokoza zimenezi, Aristotle mwini wake ankakonda chitsanzo cha nyumba ndi mmisiri wake. Tsono nafenso titsata njira yomweyo, titayamba taona kumene kamangidwe aka kadachokera.

Kholo la nyumba zimenezi lili ku Blantyre. Ndi nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes idamanga mu 1882, ndipo imadziwika kuti ndiyo yakale koposa mwa nyumba zachizungu zimene zidakalipo m'dziko muno. Dzina lake lidachokera ku mandala a m'maso a John Moir, amene ankayendetsa kampaniyo pamodzi ndi mbale wake Frederick. Ndi nyumba yosanja, ya makoma ochindikala, yozingidwa ndi khonde. Koma nyumba za m'minda zambiri sizidasanjikidwe. Zidatsata kamangidwe kamene Angerezi adakazolowera ku India, kamene dzina lake, bungalow, limachokera ku dera la Bengal. Atafika kuno adapeza kuti makolo athu ali nalo kale khonde, kotero kuti azungu a ku Nyasaland adatengera mawu athu omwewa, namati khonde ngakhale polankhula Chingerezi.

Kamangidwe aka kadafika ku Thyolo pamodzi ndi minda. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston adapereka zikalata zovomereza malo aakulu amene azungu ankati adagula kwa mafumu. Poyamba adabzala khofi, kenaka fodya, ndipo pambuyo pake tiyi, amene adafalikira kuchokera ku Mulanje. Malo a Malamulo, pa Makwasa pomwepa, adali munda wa khofi. Joseph Booth adakhazikitsapo mishoni yotchedwa Plainfield, ndipo mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist udagula malowo, nutumizako Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Chakufupi ndi boma la Thyolo, Maclean Kay adayambitsa munda wa Satemwa mu 1923, ndipo mu 1928 adamanga nyumba ya Huntingdon, imene pambuyo pake idasanduka malo ogona alendo. Motero amishoni ndi eni minda adamanga m'dera limodzi, ndi zipangizo zofanana, ndiponso ndi manja a anthu amodzimodzi.

Funso loyamba: nyumbazi zidamangidwa ndi chiyani? Yankho lake ndi lakuti zidamangidwa ndi dothi lathu lomweli. Njerwa ankaziumba pafupi ndi malo omangapo, m'zikombole za matabwa, naziotcha mu uvuni ndi nkhuni za m'nkhalango zimene ankazigwetsa kuti apeze malo olima. Simenti idali yosowa ndi yodula, choncho makoma ambiri adalumikizidwa ndi matope, napakidwa njereza. Zitseko, mafelemu ndi phaso zidali za mitengo yathu, monga mbawa ndi mlombwa, ndipo opeza bwino ankaitanitsa mkungudza wa ku Mulanje umene chiswe sichiukonda. Zochokera kunja zidali zowerengeka: malata, misomali, magalasi ndi maloko. Poyamba zimenezi zinkadzera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kenaka pamitu pa amtengatenga; zinthu zidayamba kupepukako njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza. Tingathe kunena kuti nyumba imene timaitcha yachizungu, thupi lake lonse ndi la kuno. Chachilendo ndi chofunda chake chabe.

Funso lachiwiri ndi la maonekedwe, ndipo apa tiyenera kuvomereza kuti pafupifupi chigawo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Maziko adakwezedwa kuti chinyontho chisakwere m'makoma ndiponso kuti njira za chiswe zioneke msanga. Denga lidapendeketsedwa kwambiri chifukwa mvula ya ku Thyolo ndi yochuluka. Khonde limatchinjiriza khoma la matope ku mvula yamkuntho, ndipo limaletsa dzuwa la mu October kuti lisawombe pa zenera. Zipinda ndi zazitali kuti mpweya wotentha ukwere, ndipo zitseko zimapenyana kuti mphepo idutse. Chumuni sichidaikidwe ngati chokometsera, pakuti aliyense amene adakhalapo ku Makwasa mu June ndi July akudziwa kuzizira kwa chiperoni. Khitchini idamangidwa payokha kuseri, poopa moto ndi utsi. Nyumba yonse idaikidwa pachitunda, poyamba chifukwa chokhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Ronald Ross atatsimikiza mu 1897 kuti malungo amayenda ndi udzudzu, adayamba kutchinga mazenera ndi makonde ndi sefa wa waya. Koma pa nzeru yomweyo padaphukanso langizo lowawa, lakuti mzungu amange patali ndi nyumba za anthu akuda. Apa tikuona kuti mtunda umene uli pakati pa nyumba ya bwana ndi komboni sudangochitika mwangozi: nawonso ndi gawo la pulani.

Funso lachitatu: adamanga ndani? Mabuku amatchula mwini nyumba ndi chaka, basi. Ngakhale pa tchalitchi chotchuka cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, dzina lodziwika ndi la David Clement Scott, amene adachilinganiza osaphunzirapo za kamangidwe. Amisiri akuda amene adaumba ndi kuyala njerwa zake, ambiri a iwo mayina awo adaiwalika. Chonsecho makolo adati mutu umodzi susenza denga. Ku Thyolo, manja amene adaponda dothi, kutunga madzi ndi kucheka matabwa adali a Amang'anja, eni dera, ndi a Alomwe amene adalowa kuno ambirimbiri kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900, pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Wofuna pokhala pa malo a mzungu ankalipira lendi ndi thukuta lake. Ndiyo thangata: mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana kwa apansi ndi apansi, koma adasanduka dzina la goli. Lamulo la mu 1928 lokhudza anthu okhala m'minda ya eni ake lidayesa kukonza zina, koma silidachotse goliro. Mkwiyo wa anthu udaphulika ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata idathetsedwa mu 1962. Sitikunena kuti njerwa iliyonse idaumbidwa mokakamiza. Padali amisiri ndi akalipentala ophunzira ku mishoni amene ankalandira malipiro, nanyadira luso lawo. Koma onsewa, okakamizidwa ndi olipidwa omwe, nyumba imene adamanga ankailowera kukhomo lakuseri.

Kuti njerwa zidali ndi tanthauzo loposa khoma, zidaoneka ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. John Chilembwe adamangako tchalitchi chachikulu cha njerwa, kuonetsa kuti munthu wakuda angathe kulinganiza, kulipira ndi kumaliza nyumba yotere. Nkhondo yake ya mu January 1915 itatha, boma la atsamunda lidachigwetsa. Lidazindikira bwino lomwe zimene makomawo ankalalika.

Funso lachinayi, limene kwa Thomas Woyera ndilo mutu wa ena onse, ndi la cholinga. Cholinga choyamba cha nyumba iliyonse ndi kusunga moyo: kuti banja ligone, lidye, lilere ana, lidwazike odwala. Cholinga chimenechi ndi chabwino, ndipo nyumba za ku Makwasa zidachikwaniritsa. Koma zidalinso ndi cholinga china. Bwana ataimirira pakhonde ankaona munda wonse, ndipo munda wonse unkamuona iye. Khonde la kwathu ndi malo olandirira mlendo, osokera mphasa, ofotokozera maliro ndi okambira mlandu. Khonde la pachitunda lidasanduka malire, pamene kapitawo ankaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja. Chinthu chimodzimodzi, dzina limodzimodzi, koma ntchito zosiyana.

Tsono chikhulupiriro chathu chikutiuza chiyani? Mu 1891, chaka chomwe chija dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain, Papa Leo XIII adalemba kalata ya Rerum Novarum, yophunzitsa kuti wantchito ayenera kulandira malipiro okwanira kusunga moyo waulemu. Mu 1981 Papa John Paul II, m'kalata ya Laborem Exercens, adaonjeza kuti ntchito ya munthu ndi yoyamba kuposa chuma, popeza chuma chomwecho ndi chipatso cha ntchito. Ndipo kalekale mneneri Yeremiya adadzudzula mfumu imene idadzimangira nyumba ya zipinda zazikulu osalipira omanga. Ngati zili choncho, nyumba zakalezi si chikumbutso cha atsamunda okha. Ndi ntchito ya manja a agogo athu, ndipo kwa ambiri a iwo, amene sadasiye kalata kapena chithunzi, khoma limenelo ndilo lokha limene lidatsala lowachitira umboni. Kuigwetsa nyumba yotere ndi kufafaniza mboni. Koma kuipaka utoto, kuonetsa alendo khonde ndi maluwa, osatchulako khitchini, kanyumba ka khukhi ndi komboni, ndi kuitseka pakamwa mboniyo. Zonse ziwiri ndi zolakwira choona.

Pa chifukwa chimenechi tikuona ntchito zitatu zimene zili m'manja mwathu. Yoyamba ndi kusunga. Nyumba zakale za m'maparishi athu zimafa ndi zinthu zazing'ono: lata lodontha, ngalande yotsekeka, chiswe chosapenyedwa. Wansembe asanalamule kuti khoma ligumulidwe kapena khonde litsekedwe, ayambe wafunsa odziwa, ndipo asunge nyumba yonse, kutsogolo ndi kuseri komwe. Pamodzi ndi makoma tisungenso mayina. M'midzi yozungulira Makwasa muli okalamba amene akukumbukira kuti agogo awo adaumba njerwa za nyumba yakutiyakuti. Aseminale pa tchuthi angathe kukhala nawo pansi ndi kulemba zimenezi nthawi isanathe.

Yachiwiri ndi kuphunzirapo. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, adagwetsa nyumba zochuluka m'chigawo cha kumwera. Nyumba ya matope yopanda maziko okwera ndiponso yopanda khonde siichedwa kugonja madzi akafika m'tsinde mwa khoma. Nzeru ya maziko aatali, denga lotulukira kunja ndi ngalande yozungulira nyumba si ya mzungu kapena ya munthu wakuda. Ndi nzeru ya mvula ya kuno. Pomanga matchalitchi, masukulu ndi nyumba za aphunzitsi tisaitaye pofuna kuoneka amakono.

Yachitatu, imene ili yovuta koposa, ndi kudzifufuza. Nyumba za ansembe zambiri zidatsata pulani yomwe ija: pachitunda, khonde kutsogolo, khitchini ndi antchito kuseri. Pulani imaphunzitsa wokhalamo makhalidwe iye osazindikira. Kodi mkhristu wobwera kudzaitana wansembe kwa wodwala amaima pati? Kodi wotiphikira ndi mlonda wathu amagona m'nyumba yotani, ndipo timawalipira zingati? Kodi katekisiti amalowera khomo liti? Makoma sitingathe kuwasuntha, ndipo sikofunika kutero. Chimene tingathe ndi kubwezera khonde ntchito imene makolo athu adalipatsa: kuti likhale ndi mpando, mthunzi ndi madzi akumwa, ndipo wothyola tiyi akafika ndi nkhani yake, akwere masitepe, akhale pansi, timumve.