Kandulo Wamtundu Amayambira mu Poto wa Phula

Dzuwa likangolowa ku Makokola, pamsewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, makandulo amayamba ntchito. M'mudzi amayaka oyera aja ogula pagolosale, omata pa sosala kapena pakamwa pa botolo. Kugombe, kumene alendo amadyera pamchenga akuonera nyali za asodzi a usipa, kandulo wofiira kapena wabuluu ndiye amene amakometsa tebulo. Onsewo ndi phula ndi chingwe basi. Chimene chimakweza mtengo wa winayo ndi utoto wosakwana n'komwe supuni yaing'ono.

Kandulo sanathe ntchito m'dera lino. Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja pafupi pomwepa, n'kukapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja zilibe magetsi. Ndipo pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, moti ngakhale amene ali pa waya wa ESCOM anabwerera ku kandulo ndi koloboyi. Makandulo oyera amapangidwa ochuluka m'mafakitale ngati Candlex ku Blantyre, ndipo munthu wa pakhomo sangapikisane nawo. Mpata wake uli pa amitundu, a pa ukwati, a kutchalitchi ndi a m'malo ogona alendo.

Phula lilipo la mitundu iwiri imene munthu angaipeze. Loyamba ndi la njuchi, limene limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Nzomvetsa chisoni kuti alimi ambiri a njuchi akafinya uchi amataya zisa kudzala, osadziwa kuti akutaya ndalama. Zisazo akaziwiritsa m'madzi n'kuzisefa pa nsalu, phula limayandama pamwamba ndi kuuma ngati chigumu chachikasu. Lachiwiri ndi phula la parafini, loyera, lochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, limene linayamba kupangidwa lambiri ku Scotland m'ma 1850 chifukwa cha ntchito ya James Young. Dzina lisasokoneze munthu: limeneli si parafini wothira m'nyali, ndipo parafini wa m'nyaliyo asayandikire poto.

Pa utoto ndi pamene oyamba kumene amagwa. Amaganiza kuti chilichonse chamtundu chigwira, ndiye amathira utoto wa mufirizesi kapena wa keke. Utoto umenewo ndi wa madzi, pamene phula ndi m'bale wake wa mafuta, ndipo awiriwa sagwirizana. Timadontho timangomira pansi pa poto, phula n'kukhala loyera monga kale. Ena amaswa makrayoni a ana a sukulu. Mtundu umatuluka wokongola ndithu, koma kandulo wake amayaka pang'ono, lawi n'kumachepa mpaka kuzima. Chifukwa chake n'chakuti chingwe cha kandulo chimagwira ntchito ngati chija cha koloboyi: chimayamwa phula losungunuka kukwera nalo ku lawi. Mtundu wa m'krayoni ndi ufa wosalala kwambiri umene susungunuka, ndipo umatseka timipata ta chingwe mmene matope amatsekera ngalande. Ufa wa chikasu wa kukhitchini uli ndi vuto lomwelo.

Utoto weniweni wa makandulo umasungunukiratu m'phula ngati shuga mu tiyi. Umagulitsidwa ngati timapale tating'ono touma, tooneka ngati mamba a chambo, ndipo ndi wamphamvu kwambiri: magalamu 2 kapena 3 amakwanira kilogalamu yathunthu ya phula.

Kasungunulidwe kake kamafuna mapoto awiri. Wamkulu amakhala pa mbaula ndi madzi, ndipo chitini kapena poto wamng'ono wa phula amakhala m'madzimo. Madzi sangatenthe kupitirira madigiri 100, motero amateteza phula kuti lisapse. Phula likasungunuka lonse n'kufika cha pa madigiri 80, ndiyo nthawi yothira timapale tija. Wodziwa ntchito sathira onse m'poto wa phula. Amatapa phula pang'ono m'kachitini, n'kusungunuliramo utoto mpaka kachidutswa komaliza katatha, kenako n'kumathira phula lamtundulo m'poto wa phula pang'onopang'ono uku akutakasa ndi kamtengo koyera. Akafulumira, kapena phula likakhala lofunda chabe, timadontho ta utoto wosasungunuka timakatulukira pansi pa kandulo ngati nthomba. Phula la njuchi lokha lisapitirire madigiri 85, chifukwa limayamba kuda.

Maso amanama pa poto. Phula lamadzimadzi limaoneka lakuda mtundu kuposa mmene lidzakhalire likauma, moti chimene chimaoneka chofiira ngati magazi chingathe kutuluka chotuwa. Njira yake ndi kudontheza pang'ono pa sosala yoyera n'kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri. Dontho louma lija ndilo limanena zoona. Kuwonjezera utoto n'kosavuta, koma kuuchotsa sikutheka, pokhapokha munthu akhale ndi phula lina loyera losungunulira.

Phula la njuchi lili ndi khalidwe lakelake pa nkhaniyi. Aliyense wa ku Makokola angafune kandulo wa mtundu wa nyanja, kapena wabuluu ngati nsomba za mbuna za ku Cape Maclear. Koma buluu akakumana ndi chikasu cha phula la njuchi, chotuluka ndi chobiriwira. Wofuna buluu weniweni agwiritse phula loyera. La njuchi limakoma ndi mitundu yofiira ndi yofiirira, ndipo nthawi zambiri silifuna n'komwe utoto, poti chikasu chake ndi kafungo ka uchi n'zimene mlendo wochokera kutali amalipira.

Moto wa phula si wamasewera. Phula likayamba kutulutsa utsi ndiye kuti latenthetsa, ndipo poto achoke pamoto msanga. Likayaka, madzi asathiridwe, chifukwa amaphulika n'kumwaza moto paliponse, mmene amachitira pa mafuta a mandasi. Chofunika ndi kuvundikira ndi chivundikiro kapena kuthira mchenga wouma, umene ku Makokola susowa. Ana akhale patali, makamaka pamene nyumba yapafupi ili yofolera ndi udzu.

Mdani wotsiriza ndi nyengo ya Mangochi yomwe. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapinda kandulo wa parafini ngati nthochi, ndipo ndicho chifukwa chake opanga amasakanizamo stearin pang'ono, mafuta ouma amene katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, anawatulukira zaka 200 zapitazo. Stearin amalimbitsa kandulo ndi kuchititsa mtundu kuoneka wodzaza. Dzuwa nalo limadya utoto. Makandulo oyalidwa pabenchi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi ziboliboli ndi zipewa za mlaza, amayamba kusuluka mbali imene yayang'ana kudzuwa. Wogulitsa wanzeru amayala awiri kapena atatu oonetsa, ena onse n'kuwakulunga m'pepala ndi kuwasunga m'katoni pamthunzi mpaka galimoto itaima.