Kampeni ya m'foni: zipani za Chisilamu zimakopa bwanji mavoti?



Kuno ku Malawi kulibe chipani cha Chisilamu. Ambiri amaloza UDF chifukwa a Bakili Muluzi, amene analamulira dziko lino kuyambira 1994 mpaka 2004, ndi Msilamu, komanso chipanichi chimapeza mavoti ambiri ku Mangochi ndi ku Machinga. Koma UDF sinalembetsedwe ngati chipani cha chipembedzo, ndipo muli Akhristu ambirimbiri. Zipani zenizeni za Chisilamu zili kunja. Komabe uthenga wake umatipeza, chifukwa kuno ku Mzimba, kaya ndi pa boma, ku Jenda, ku Embangweni kapena ku Edingeni, ndi makomo ochepa amene alibe wachibale ku Joni. Zimene abale athuwo amaona pa Facebook ndi TikTok, madzulo ake zimakhala zafika m'magulu athu a WhatsApp.

Ku Joni komweko kuli chipani cha Al Jama-ah, chimene anachiyambitsa a Ganief Hendricks mu 2007. Chinapeza mpando umodzi ku Nyumba ya Malamulo mu 2019, ndi mipando iwiri mu 2024. Chipani chaching'ono chotere sichingapikisane ndi ANC pa ndalama zolipirira wailesi ya kanema, choncho masamba a mchezo ndiwo msika wake. Chimasankha nkhani zimene Msilamu sangazidutse osaima, monga mavuto a anthu a ku Palestine, kapena zoti boma lizivomereza ukwati wa nikaah. Nkhanizi ndi zenizeni ndipo nzofunika. Koma foni sionetsa kukula kwa chinthu. Mu 2023 mameya awiri otsatizana a Johannesburg, a Thapelo Amad ndi a Kabelo Gwamanda, anachokera ku Al Jama-ah, ndipo wongoona zithunzi akanaganiza kuti chipanichi chalanda mzinda wonse. Zoona zake nzakuti chinali ndi makhansala 3 okha mwa 270. Mpandowo unabwera chifukwa cha mgwirizano wa zipani zikuluzikulu, ANC ndi EFF.

Chitsanzo chachikulu chili ku Malaysia. Kumeneko chipani cha PAS, chimene chinayamba mu 1951, chinapeza aphungu ambiri kuposa chipani china chilichonse pa chisankho cha mu Novembala 2022. Aka kanali koyamba kuti achinyamata a zaka 18 avote pa chisankho chachikulu cha dzikolo, ndipo PAS ndi anzake anawatsata kumene amakhala tsiku lonse: pa TikTok.

Njira yake ndi iyi. Ulaliki wa ola lathunthu amaudula n'kutengapo masekondi ochepa, pamene shehe wakweza mawu. Amaikapo kanyimbo ka nashid ndi mtundu wa chipani. Kanemayo samutumiza kuchokera ku likulu lokha ayi. Amamupereka kwa achinyamata amene ali ndi owatsatira ambiri, ena ongodzipereka, ena olipidwa, kuti aoneke ngati maganizo a munthu wamba. TikTok nayo siyang'ana ngati nkhani ndi yoona. Imawerenga anthu amene aonera mpaka kumapeto, amene ayankhapo ndi amene atumizira anzawo, ndipo kanema wochititsa mantha kapena wokwiyitsa ndiye amapambana pa zonsezi. Pa kampeni yomweyo, mtsogoleri wina wa achinyamata a PAS m'chigawo cha Kedah anajambulidwa akunena kuti ovotera zipani zina akalowa kumoto. Pambuyo pake anapepesa, koma kupepesako sikunayende mtunda umene kanemayo anali atayenda kale. Kwa ine apa ndi pamene pali ngozi yaikulu: kusankha phungu, nkhani ya misewu, feteleza ndi mankhwala m'chipatala, kumasandutsidwa muyeso wa imaani ya munthu. Moto ndi Jannah sizili m'manja mwa wochititsa kampeni.

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, kumbukirani phunziro la isnaad. Imam Bukhari sankalandira Hadith chifukwa choti mawu ake ndi okoma. Ankafunsa kuti wanena ndani, iyeyo anamva kwa yani, kodi awiriwo anakumanadi, nanga khalidwe lawo linali lotani. Uthenga wa mawu umene wafika pa WhatsApp utalembedwa kuti wadutsa m'manja ambiri ulibe isnaad ngakhale pang'ono. Kuyamba ndi salaamu kapena kuwerenga ayah molongosoka sikuupatsa umboni. Ayah 6 ya Surat Al-Hujuraat, yokamba za kufufuza nkhani tisanaivomereze, imagwiranso ntchito pamene nkhaniyo ikukomera mbali yathu, ndipo pamenepa ndi pomwe ambirife timaterereka.

Njira zimenezi si za zipani za Chisilamu zokha. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, zipani za konkuno zinalimbirananso pa masamba a mchezo, ndipo andale athu amadziwa nthawi yovala chisoti ndi nthawi yoonekera kutchalitchi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo kuno ku Mzimba ndife ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Amene amatigula malonda pamsika, amene timatunga nawo madzi pa mjigo, ambiri ndi a CCAP ndi Akatolika. Kanema wonyoza chipembedzo china akachokera pa foni ya mwana wa sukulu ino, sadzafunsa kuti anamupanga ndani ku Johannesburg. Adzati Asilamu a ku Mzimba ndi amene akutero. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limalanga wogwiritsa ntchito foni pozunza kapena kuopseza ena.

Kwa a komiti, pempho langa nlakuti gulu la WhatsApp la mzikiti likhale la nthawi za swala, maliro, madrasa ndi zopereka basi, ndipo oliyang'anira akhale awiri kapena atatu, osati a chipani chimodzi. Nkhaniyi ndi yofunika kuikambirana pa msonkhano ukubwerawu, kampeni ina isanayambe, pamene palibe amene angaganize kuti lamulolo lapangidwira iyeyo.